Makina ochapira akakana kufinya zovala

Khalani pansi, ophunzira anga, zida zisiyeni kaye m'bokosi. Lero tiyamba ndi makutu ndi maso, sipanala ibwera pambuyo.

Dandaulo limene mudzalimve kawirikawiri kwa eni makina ochapira ndi lakuti, "Makina anga sakufinya." Mawu ake ndi omwewo khomo lililonse, koma matenda ngosiyana. Wina akunena makina amene aima madzi ali tho m'kati. Wina madzi atuluka, koma diramu siikuzungulira n'komwe. Wina diramu ikuzungulira mwaulesi, zovala n'kutuluka zikudontha. Winanso makina akufinya ndithu, koma akuchita kudumpha ndi kuyenda mpaka kukagunda khoma. Choncho musanagwire kanthu, funsani mwaulemu: "Mayi, madzi atsalamo kapena atuluka? Munachapamo chiyani? Munathira sopo wanji? Pakagalasipo palembedwa chiyani? Munamva phokoso lotani?" Mwini makina ndiye anali pomwepo pamene vuto limayamba, ndipo zimene akuuzeni zikhoza kukupulumutsani kumasula zinthu zosalakwa.

Chimene ndikufuna chikhazikike m'mitu mwanu ndi ichi: makina osafinya, nthawi zambiri sanafe ayi. Akungokana, ndipo akukana pa chifukwa chomveka. Kuti mumvetse chifukwacho, onani kaye zimene zimachitika pofinya. Pochapa, diramu ya makina otsekula kutsogolo imayenda pang'onopang'ono, maulendo pafupifupi 50 pa mphindi, kuti zovala zizikwera n'kugwera m'madzi. Pofinya imathamanga maulendo 800, 1,000, ena mpaka 1,400 pa mphindi. Pa liwiro lotere zovala zimamatirira kukhoma la diramu, madzi n'kuthawira m'timabowo, kukagwera mumgolo wakunja momwe pampu imawakoka. Tiyeni tiwerengere pabolodi. Diramu yotambalala masentimita 48 ikamazungulira maulendo 1,000 pa mphindi, chinthu chimene chili kukhoma kwake chimakanikiza ndi mphamvu yoposa kulemera kwake maulendo 250. Thawulo lonyowa la kilogalamu 1 limakoka ngati makilogalamu 250 ndi kuposerapo. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvuyo imawirikiza kanayi. Zovala zikamwazikana bwino kuzungulira diramu yonse, mbali iyi imakoka ndipo mbali inayo imabweza, makina n'kukhala phee. Zikaunjikana mbali imodzi, mphamvu yonseyo imamenya mgolo, masipuling'i ndi mabering'i maulendo oposa 16 pa sekondi iliyonse.

N'chifukwa chake opanga makina anawaikira zinthu zitatu zoti atsimikize asanathamange. Kodi madzi atuluka? Kodi chitseko chakhomeka? Kodi zovala zakhala bwino? Funso limodzi lokha likayankhidwa kuti ayi, makina safinya, ngakhale mota ikhale yatsopano. Ife pofufuza timatsata mafunso omwewo. Zimandiwawa mtima ndikamva mmisiri wangofika pakhomo, osatsekula ngakhale fyuluta, ati, "Mota yapsa, bwana." Banja limataya ndalama zambiri, mwinanso kuwataya makinawo kuseri kwa nyumba, pomwe cholakwa chinali batani la malaya. Inu musadzakhale amisiri otero.

Tisanapitirire, lamulo losakambirana. Zulani pulagi pakhoma. Kuzimitsa batani la pamakina sikokwanira, chifukwa magetsi amakhala afikabe m'kati. Athu kuno ndi a mavoti 230, ndipo pamene mukugwira ntchito pali madzi, pansi ponyowa ndi zitsulo. Valani nsapato za mphira, tsekani mpopi wolowetsa madzi, ndipo pulagi muiike pamene mukuiona, kuti mwana kapena wina wofuna kuthandiza asaibwezere pasoketi manja anu ali m'kati. Pulagiyo muiyang'anenso. Makina ambiri amabwera kuchokera ku South Africa ndi pulagi ya mano ozungulira, pomwe masoketi athu ndi a mabowo atatu amakona. Ena amangodula pulagi n'kulowetsa mawaya awiri pasoketi ndi kamtengo, waya wa ethi n'kumusiya lende. Uku n'kuika moyo pachiswe. Ikani pulagi yoyenera yokhala ndi fyuzi ya 13 A: waya wofiirira kufyuzi, wabuluu mbali inayo, wobiriwira ndi chikasu ku dzino lalitali la pamwamba.

Yambani ndi zosafuna chida. Onani pamene kachiwongolero kaloza. Makina ambiri ali ndi malo olembedwa No Spin kapena Rinse Hold, ndipo munthu akasankha pamenepo mosadziwa, makina amaima dala madzi ali momwemo. Pulogalamu ya zovala zofewa nayonso imafinya pang'ono mwadala. Kenako tsekulani mpopi wa pafupi muone ngati madzi akutuluka. Madzi akasiya pakati pa ntchito, makina amadikira otsukuluzira, ndipo safika pofinya. A LG amalemba IE, a Samsung amalemba 4E kapena 4C. Madzi akabwerera ndi mchenga, kasefa ka pamene payipi yolowetsa madzi imalumikizira kumbuyo kwa makina kamatsekeka. Kazuleni ndi pulayasi, mukatsuke ndi mswachi wakale. Mukatero tulutsani zovala zonse, sankhani Spin yokha, muyatse makina opanda kanthu. Akafinya bwino, nthawi zambiri ndiye kuti mota, lamba ndi loko wa chitseko zili bwino, vuto lili pa zimene zinaikidwamo.

Kawirikawiri chimene chinaikidwamo ndi bulangete. Likakhala lokha limamwa madzi ambiri n'kukhala chimtolo chimodzi. Makina amazindikira zimenezi poona kuti mota ikulemedwa pokweza chimtolocho, n'kupepukidwa pochitsitsa. Amaima, amagudubuza uku ndi uku kuti chimasuke, amayesanso, ndipo akalephera kangapo amasiya kapena kufinya pang'ono chabe. LG imalemba UE, Samsung UE kapena Ub. Apa palibe chowonongeka. Onjezani matawulo awiri kapena atatu kuti mbali inayo ilemerenso, kapena chepetsani ngati mwadzaza mopitirira. Muyeso wosavuta ndi wakuti dzanja lanu lizikwana pakati pa zovala ndi denga la diramu.

Kenaka sopo. Sopo waufa amene timachapira m'beseni anapangidwa kuti azichita thovu lambiri, chifukwa wochapa pamanja amakhulupirira thovu. M'makina otsekula kutsogolo thovulo ndi mdani. Pampu inapangidwa kuti izikoka madzi, ndipo ikakumana ndi thovu imangopukusa mpweya. Thovu likadzaza pakati pa diramu ndi mgolo limagwira diramu, komanso limanyenga makina kuti madzi akadalimo. Mukaona thovu pagalasi la chitseko pa nthawi yotsukuluza, kapena Samsung yalemba Sud, tsukuluzani kawiri popanda sopo, ndipo mulangize eni ake kugula sopo wolembedwa kuti ngwa makina a automatic, azithiranso pang'ono. Adzakutsutsani, adzati zovala siziyera popanda thovu. Afotokozereni modekha kuti chimene chimayeretsa m'makina ndi kugwa ndi kukhuzana kwa zovala, ndipo thovu limachepetsa kugwako.

Tsopano tifike pamene pamagona mavuto ambiri: madzi osatuluka. Sankhani Spin kapena Drain, mugwade pafupi ndi makina, mutchere khutu kumunsi. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Pampu yamoyo imalira mosalekeza, ndipo mumamva madzi akukhuthukira kunja. Ikamang'ung'uza chabe madzi osayenda, china chaigwira kapena njira yatsekeka. Ikamachita khetekhete, muli kanthu kolimba kamene kakugundana ndi mapiko ake. Ikakhala chete, magetsi sakufikako kapena koyilo yake yaduka. Zilembo za vutoli ndi OE pa LG, 5E kapena 5C pa Samsung, E18 pa Bosch.

Bwerani pafupi muone pa makina awa. Kumunsi kutsogolo, nthawi zambiri kudzanja lamanja, kuli kachitseko kakang'ono. Pulagi tazula kale. Ndikatsekula, mukuona chotsekera chozungulira chakuda, ndipo pambali pake kapayipi kakang'ono kotsekedwa kumapeto. Musathamangire chotsekera chachikulucho. M'mgolomu mukhoza kukhala malita 10 kapena kuposa, ndipo ngati amachapa ndi madzi otentha, dikirani azizire. Yalani chikolopa, ikani mbale yosaya, solotsani kapayipiko, chotsani kotsekera kake, madzi atuluke pang'onopang'ono. Mbale ikadzaza tsekani, katayeni, bwerezani mpaka atha. Ndipamene mumapotokola chotsekera chachikulu molowera kumanzere. Taonani zimene zatuluka: ulusi wopotana ndi tsitsi, ndalama yachitsulo yakuda bii, pini wa m'mutu, kamtengo ka machesi, ndi kawaya kopindika kochokera m'kamisolo. Fungo lakenso mwalimva. Tsopano walitsani tochi ya foni m'bowomo. Kumapeto kuli timapiko ta pampu. Tizungulitseni ndi chala. Tikamayenda modukizadukiza, ngati tikukana kenako n'kulumpha, musadandaule, ndi maginito a m'kati mwa pampu, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira. Tikakhala gwa, pali ulusi kapena mphira wa ndalama wozengezeka kuseri kwake, muukoke ndi kawaya kopinda nsonga. Tikamagwedera uku ndi uku kapena tikazuka, pampu yatha, mugule ina. Pobwezera fyuluta pukutani mphira wake ndipo mumange mpaka kumapeto, apo ayi mudzakolopa nyumba yonse.

Fyuluta ikapezeka yoyera, tsatirani njira ya madzi kutsogolo ndi kumbuyo. Pakati pa mgolo ndi pampu pali payipi yakuda yonenepa, ya makwinya. Ifinyeni ndi dzanja, mukhoza kumva sokosi ya mwana ili momwemo. Kuseri kwa makina onani ngati payipi yotulutsa madzi sinapindike pamene ankakankhira makina kukhoma. Kumapeto kwake kuzikhala pamtunda wa masentimita 60 mpaka 100 kuchokera pansi. Kukakwera kwambiri pampu imalephera kukankha, kukatsika kwambiri madzi amadzikoka okha makina akadali kudzaza. Ngati payipi yalumikizidwa pansi pa sinki, ichotseni muilozetse mundowa. Madzi akatuluka mwamphamvu, chotsekeka ndi sinki, makina alibe mlandu. Pampu yokhala chete muiyeze ndi multimeter, mawaya ake mutawazula. Koyilo yamoyo imaonetsa ma ohm pafupifupi 200, kuchepa kapena kupitirira pang'ono. Ikapanda kuonetsa kanthu, yaduka.

Nanga madzi atatuluka onse, pampu n'kumangolirabe osasiya, diramu osathamanga, chitseko osatseguka? Apa makina akuganiza kuti madzi akadalimo. Makina saona madzi, amawamva kudzera mumpweya. Chotsani chivindikiro cha pamwamba, chomangidwa ndi masikuluwu awiri kumbuyo. Chakumtunda mupeza kachipangizo kozungulira komwe kapayipi kowonda kamalowamo kuchokera kunsi kwa mgolo. Madzi akamakwera mumgolo amapanikiza mpweya wa m'kapayipiko, mpweyawo n'kukankha swichi. Litsiro la sopo likatseka kumunsi, mpweya umatsekeredwa, swichi n'kukhalabe yokankhidwa ngakhale mgolo uli wouma gwa. Zulani kapayipi ku swichiko, muuzire molozetsa kumgolo. Mpweya uzidutsa mosavuta. Ukakana, masulani kumunsi mutsuke ndi madzi ofunda. Swichi za makina akale, mukauziramo pang'ono, zimachita kaphokoso koti kha. Za makina atsopano sizilira, ndipo musaziuzire mwamphamvu, mungaziwononge.

Za chitseko sindichedwapo. Mukayatsa pulogalamu muyenera kumva loko akukhoma. Akapanda kutero, kapena pakalembedwa dE kapena dC, onani ngati kambedza ka pachitseko sikanathyoke, ndiponso ngati chitseko sichinagwe pang'ono chifukwa cha ana ochitsamira. Loko akapsa amasinthidwa mosavuta: masikuluwu awiri ndi pulagi yake ya mawaya. Koma pali chizolowezi chimene ndikukuletsani lero ndi mpaka kale, cholumikiza mawaya a loko kuti makina aziyenda chitseko chosakhoma. Tawerengera limodzi mphamvu ya diramu ija. Mkono wa mwana ukalowamo, palibe dokotala amene angaubwezere mmene unalili. Mwini makina akakuumirizani, kanani, ngakhale ntchito ikutayikeni.

Mafunso atatu aja akayankhidwa bwino, ndipamene timayang'ana zoyendetsa diramu. Zungulitsani diramu ndi dzanja. Ikamapepuka modabwitsa, ndipo poyatsa mumamva mota ikuthamanga yokha, lamba wavuka kapena waduka. Tsekulani kumbuyo. Pa lamba pamalembedwa nambala monga 1270 J5, kutanthauza utali wa mamilimita 1,270 ndi mizere 5. Pokagula tengani wakaleyo kapena jambulani nambalayo. Watsopano akaoneka wofupika musabwerere naye kusitolo msanga, ambiri ngotamuka. Mukoleni kaye ku kapule ka mota, kenako mbali imodzi ya pule yaikulu, ndipo muzungulitse puleyo pang'onopang'ono lamba akwere yekha, zala zili kutali. Koma dzifunseni chimene chinamuvula. Gwedezani pule yaikuluyo. Ikamasewera, bawuti yake yamasuka kapena mabering'i atha, ndipo lamba watsopano adzavukanso.

Lamba ali bwino koma mota ilibe mphamvu, ikugudubuza pochapa n'kulephera pofinya, mwinanso ikuthetheka ndi kununkha? Ganizirani maburashi. Ndi timitengo tiwiri takuda ta kaboni timene sipuling'i imatikanikiza pa mphete ya mkuwa ya m'mota, kuti magetsi alowe m'chigawo chozungulira. Timaperepeseka ndi ntchito, ndipo fumbi lakuda limene mumalipeza pansi pa mota ndi lochokera pamenepo. Tikatsala pafupifupi sentimita 1, sipuling'i siifikanso bwino. Jambulani ndi foni musanamasule, chifukwa nsonga zake n'zopendekeka ndipo zili ndi mbali yake yolowera. Sinthani tonse tiwiri nthawi imodzi. Masiku oyamba mota idzalira mokwera pang'ono mpaka nsonga zikhazikike. Mtengo wa maburashi ndi kachigawo kochepa ka mtengo wa mota, ndipo mota zambiri zimene anthu amati zapsa zimangofuna timitengo timeneti. Dziwaninso kuti makina ena, monga a LG olembedwa Direct Drive, alibe lamba kapena maburashi. Mota yake ndi chimbale cha maginito chomangidwa pa mtengo wa diramu penipeni. Pa amenewo pakalembedwa LE, onani bawuti ya pakati, mawaya, ndi kachipangizo kowerenga liwiro kamene kali pa makoyilo.

Tsopano tembenukani muone awa a zigawo ziwiri, amene ambiri amawatchula kuti twin tub. Ndi amene mudzakumane nawo kwambiri m'makomo mwathu, chifukwa ngotsika mtengo ndipo amalola kuthiramo madzi ndi ndowa mpopi ukauma. Ine ndimawakonda pophunzitsa, chifukwa alibe kakompyuta, zonse zimaoneka ndi maso. Chigawo chofinyira chili ndi mota yakeyake, yoima pa miyendo itatu ya masipuling'i pansi pa kadiramu, timer yake ya mphindi 5, swichi ya pachivindikiro, buleki, ndi kapasita. Ambiri alibe pampu, madzi amatsika okha, choncho payipi yotulutsa madzi iyenera kugona pansi. Mukaisiya yokoleka m'mwamba, madzi amadikha m'chigawo chofinyira, kadiramu n'kumalimbana nawo.

Potokolani timer, tsekani chivindikiro, mumvetsere. Kukakhala zii, magetsi sakufika ku mota. Zulani pulagi, masulani chitseko cha kumbuyo, muyang'ane mawaya. Makoswe amakonda kwambiri kunsi kwa makina amenewa poti n'kotsekuka, ndipo waya wolumidwa mudzamuona ndi maso. Mawaya akakhala bwino, pitani ku swichi ya pa mahinji a chivindikiro. Ndi timalata tiwiri timene timakhudzana chivindikiro chikatsekedwa, ndipo timachita dzimbiri kapena kupindika. Tipaleni ndi sandipepa wosalala. Yezaninso timer ndi multimeter: mukaipotokola, magetsi azidutsa.

Mota ikamang'ung'uza koma osazungulira, zimitsani msanga. Mota yoima magetsi ali m'kati imatentha mofulumira, ndipo mukaisiya ipsadi. Zinthu zitatu zingaigwire. Choyamba ndi chovala. Sokosi kapena kabudula wamkati amadumpha pamwamba pa kadiramu, kugwera kunja kwake n'kuzengezeka pa mtengo wa mota. Ndiyo ntchito ya kachimbale kapulasitiki kaja kokanikizira zovala, kamene m'nyumba zambiri kanasowa kalekale. Auzeni eni ake akafunefune. Chachiwiri ndi buleki. Onani chingwe ichi chochokera ku chivindikiro kutsikira ku mota. Ndikatseka chivindikiro, chingwe chikukoka, buleki ikumasuka. Ndikatsekula, chingwe chikulekerera, sipuling'i ikubweza buleki kuti igwire. Chingwechi chikaduka, chikavuka kapena chikatamuka, buleki imagwirabe ngakhale chivindikiro chili chotseka. Chikokeni ndi dzanja, dzanja linalo lizungulitse mtengo wa mota. Ukamasuka, mwapeza vuto, kolani chingwe pamalo pake kapena musinthe. Musachotse buleki n'kuitaya monga amachitira ena. Kadiramu kopanda buleki kamazungulirabe nthawi yaitali chivindikiro chitatsekulidwa, ndipo munthu wofulumira amapisamo dzanja.

Chachitatu ndi kapasita. Mota ya mtundu uwu ili ndi makoyilo awiri, ndipo kapasita imachititsa kuti magetsi a koyilo imodzi atsogole pang'ono, mota ipeze poyambira ndi kolowera. Kapasita ikafooka, mota imakhala ngati galimoto ya batire yakufa, yolira pokhapokha anthu aikankhe. Mwini makina adzakuuzani yekha kuti, "Tikaipukusa ndi dzanja n'kutseka msanga, imayenda." Mukamva zimenezo, pitani ku kapasita. Ndi kachitini aka kokhala ndi mawaya anayi, chifukwa muli makapasita awiri m'chitini chimodzi. Pambali palembedwa, mwachitsanzo, 10 µF + 5 µF, 450 V. Nambala yaikulu ndi ya mota yochapira, yaing'ono ndi ya yofinyira. Kapasita imasunga magetsi ngakhale pulagi itazulidwa, choncho musanaigwire gunditsani nsonga za mawaya awiriawiri ndi sikuludiraiva ya chigwiriro cha pulasitiki. Ikakhala yotupa, yong'aluka kapena yotuluka mafuta, yatha. Ikaoneka bwino, iyezeni ndi multimeter yokhala ndi malo a µF. Pogula ina, nambala ya µF ikhale yomweyo. Ya mavoti ikhoza kukwera koma isatsike. Wogulitsa akakuuzani kuti yaikulu ipatsa mota mphamvu zambiri, musamvere, imangotenthetsa makoyilo.

Mukadali kumbuyoko, yang'anani pamwamba pa mota yofinyira. Mukaona dzimbiri kapena mizere ya madzi a sopo, mphira wotseka pamene mtengo wa mota umalowera mumgolo wang'ambika, ndipo madzi akudonthera pa mota. Apa ndipo pamafera mota zambiri za twin tub. Kusintha mota osasintha mphirawo n'kutaya ndalama kawiri. Mota yopsadi imadziwika ndi fungo la vanishi wopserera ndi makoyilo akuda. Koma musanaiweruze, yezani magetsi a pasoketi. Madzulo, nyumba zonse zikamaphika, m'madera ena mphamvu imatsika kwambiri, ndipo mota yabwinobwino imang'ung'uza. Jenereta yaing'ono kapena inverter yochepa mphamvu imachitanso chimodzimodzi.

Makina odumpha ndi oyenda ali ndi nkhani yawo yaifupi. Ngati ndi atsopano kapena angofika kumene pa ulendo, onani kumbuyo. Otsekula kutsogolo amabwera ndi mabawuti atatu kapena anayi ogwira mgolo kuti usagwedezeke panjira. Akapanda kuchotsedwa, masipuling'i sagwira ntchito, ndipo kugwedezeka konse kumapita ku thupi la makina. Achotseni, muwasunge, adzafunika posamuka. Kenako gwirani makona a pamwamba mugwedeze. Mwendo umodzi ukakhala m'malere, utsitseni poupotokola, mumange nati yake. Mulibe levulo? Ikani mbale ya madzi pamwamba muone kumene apendekera. Makina akhale pa simenti, osati pa thabwa kapena pa njerwa zosanja. Zonsezi zikakhala bwino, kanikizani diramu pansi ndi dzanja n'kuisiya. Ibwerere kamodzi n'kuima. Ikamanjanja, mashoko a kunsi atha, asintheni onse pamodzi. Onaninso mabawuti a zimiyala za konkire zomangidwa pa mgolo, zimene zimapangitsa makinawa kulemera makilogalamu 60 kapena kuposa.

Pali malo awiri amene munthu wokonza yekha pakhomo ayenera kuima. Oyamba ndi mabering'i. Zizindikiro zake ndi mkokomo umene umakula pamene liwiro likukwera, kukhakhala mukazungulitsa diramu ndi dzanja, kugwedera mukainyamula kumlomo, ndi mzere wa dzimbiri kumbuyo kwa mgolo. Madzi adutsa pa mphira wotseka n'kutsuka girisi. Kuwasintha kumafuna kutulutsa mgolo wonse ndi kuugawa pakati, ndipo migolo ya makina ambiri atsopano inamatidwa, siimasuka ndi mabawuti. Inu amene mukuphunzira umisiri tidzachita limodzi chigawo chikubwerachi, koma mwini makina muzimuuza mtengo wonse musanayambe, aganize yekha ngati n'koyenera. Achiwiri ndi kakompyuta. Kamawonongeka ndi magetsi obwera mwamphamvu akangoyaka, ndi chinyezi, ndi mphemvu zimene zimakonda kufunda kwake. Chimene mungachite ndi kuzula pulagi kwa mphindi zingapo, kukapukuta ndi burashi youma, kukankhira bwino mapulagi a mawaya, ndi kuyang'ana ngati pali popserera. Kukasintha mongoganizira ayi. Kamadula kwambiri, ndipo ogulitsa ambiri salandiranso kakatuluka m'sitolo. Langizani eni ake kuzula pulagi magetsi akathima, kapena kugula kachipangizo koteteza konga ka firiji, kokwanira 13 A.

Mukamaliza kukonza chilichonse, werengani masikuluwu, onani kuti palibe chida chatsala m'kati, bwezerani zivindikiro zonse musanalumikize magetsi. Yesani kaye Spin makina ali opanda kanthu, kenako ndi matawulo anayi onyowa, inu mutaima pomwepo dzanja lili pafupi ndi swichi ya pakhoma. Pomaliza suzumirani pansi ndi tochi ngati pali dontho.

Tsopano gawanani m'magulu a anthu atatu. Makina atatu ali kumbuyoko ndawalowetsa matenda dala, aliwonse ake. Gulu lililonse lilembe m'kope zimene lamva ndi zimene laona, ndi dzina la chinthu chimene likuchiganizira, libwere lindionetse. Ndikasaina, ndipamene mutsekule bokosi la zida.